Ndalama za gulu: tilembe loya kapena tigule miyendo?

A Phiri, wapampando: Abale a ku Chadiza, Loweruka tikumana ku Kalingalinga mu Lusaka. Nkhani ndi ya anthu athu amene anapunduka ndi mabomba okwirira pansi kumalire a Zambia ndi Mozambique kuja. Ena akuti ndalama za m'thumba la gulu tilembere loya wokatenga chipukuta misozi. Maganizo anu?

Mayi Tembo: Ine ndiye ndikuti loya basi. Amalume anaponda bomba akulondola ng'ombe, nkhondo ya RENAMO ndi boma la Mozambique itatha kale mu 1992. Mpaka lero amalima chogwada, ndodo itagona m'mzere. Munthu wotere asalipidwe?

A Mwale: Kuyenera akuyenera, mayi, koma tikasumira yani? Boma la Mozambique silizengedwa mlandu m'khoti la kuno. Wokwirira bombalo palibe anamuona. Chatsala n'kusumira boma lathu kudzera kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, kuti linalekerera, koma mlandu wa kuvulala umafunika kulowa zisanathe zaka 3. Loya adzadya ndalama zathu n'kutiuza zomwezi.

A Zulu: Nanga pangano la Ottawa, lija la mayiko loletsa mabomba okwirira pansi? Zambia inalowamo mu 2001, ndipo mu 2003 tinapanga lamulo loletsa mabombawa.

A Mwale: Panganolo limati mayiko athandize ovulala kuchipatala ndi kuwabwezera pa ntchito zodzidalira. Mphamvu yoti munthu akasume silipereka.

Mayi Banda: Tsono tigwire pomwepo. Boma linalengeza mu 2009 kuti latsiriza kuchotsa mabombawa, ndiye ovulala aja anangoiwalika. Titume anyamata kumudzi, alembe aliyense dzina, malo ndi chaka, mafumu achitire umboni. Ndandandawo upite ku Zambia Mine Action Centre, ofesi ya boma yoona za mabombawa. Amene alibe khadi la ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, timulipirire ulendo wa pa basi akalitenge, chifukwa limathandiza polembetsa Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa ovutika. Zotsala zikhale za miyendo yoyikirira. Ndinaona wina atamanga wake ndi mphira wa njinga, chitsa chili zilonda zokhazokha.

Mayi Tembo: Zonsezo n'zabwino amayi, koma chimenecho n'chithandizo. Mwendo wa amalume sunalipidwebe. Mtima wanga sukhala pansi tisanamve kwa wodziwa malamulo.

A Phiri: Zamveka. A Mwale, pitani ndi Mayi Tembo ku Legal Aid Board, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, lisanafike Loweruka, mutibweretsere yankho. Ndalama zisakhudzidwe kaye. Mayi Banda, yambani kufunsa mtengo wa mwendo umodzi.