"M'mimba ndi m'chipala": chipalacho n'chiyani, nanga mimba yake ndi iti?

Mdzukulu wa ku Jali:
Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka lapitali kwathu kunali chinkhoswe, ndiye amalume anapha mkota wa mbuzi umene ankati ndi wouma, poti unatha chaka ndi miyezi osaswa. Potumbula tinapeza kuti unali ndi bere. Tinali tiana tiwiri tausinkhu wa mbewa, topanda ubweya, kena mbali iyi kena mbali inayo ya thumba lokhala ngati mphanda. Amalume anangoti kukamwa yasa, mpeni uli m'manja. Agogo anali chapatali akusankha mpunga, ndipo anangoti, "Hmm, m'mimba ndi m'chipala." Ine ndinamva ngati ati chipatala, nditafunsa anandiseka mpaka kutsokomola. Kodi chipala n'chiyani? Ndipo mimba ikunenedwa apa ndi ya chakudya kapena ya ana?

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Mwanawe, wafunsa bwino. Chipala ndi malo amene amisiri osula zitsulo ankagwirirapo ntchito. Ndili mnyamata ndinachionako kuseri kwa mudzi wathu: kachisakasa ka udzu, makala ali ngwee, mwala waukulu wosulirapo, ndi mvukuto wopemerera moto. Mvukutowo, poti nkhani yayamba ndi mbuzi, unkasokedwa ndi chikopa cha mbuzi chomwe. Pa moto umodzimodziwo pankatuluka khasu lolimira, nkhwangwa, kansengo, komanso mkondo wophera munthu. Ndiye akati m'mimba ndi m'chipala akutanthauza kuti mayi mmodzi amabereka ana osiyana mitima, wina m'busa wina wakuba, ngakhale anayamwa bere limodzi. Mawuwa akutha chifukwa makasu tikugula m'sitolo. Osula amene atsala mumsika wa Zomba ndi okhoma ndowa ndi mbaula, ndipo sindinamvepo wina akutchula pogwirira ntchito pake kuti chipala.

Koma kunena zoona, sindikuona pamene mwambiwu ukukhudzana ndi mbuzi yophedwa ili ndi bere. Mwina agogo ako anangouponya.

Wakabaza wa pa Chinamwali:
Aphunzitsi mwandipulumutsa. Zaka zonsezi ine ndimati "m'mimba ndi m'chipatala", ndipo ndinkauza anthu kuti ndi chifukwa choti matenda ambiri amayambira m'mimba. Ndinafotokozapo choncho pamaliro, anthu n'kumagwedeza mitu!

Mlangizi wa ziweto:
Tanthauzo ndisiyira a Domasi, ine ndiyankhe funso lachiwiri lija, chifukwa alimi ambiri amasokoneza. Tikati "mimba" timaphatikiza zinthu ziwiri zosakhudzana. Chifu cha mbuzi ndi ng'ombe chili ndi zigawo zinayi ndipo ntchito yake ndi udzu basi. Mwana amakhala m'chiberekero, chimene akale ena ankati chibaliro. Chili kumbuyo kwenikweni, pansi pa thumbo lotulutsira ndowe, pamwamba pa chikhodzodzo.

Mphanda munaionayo ndi momwe chiberekero cha mbuzi chilili. Cha munthu ndi thumba limodzi, koma cha mbuzi, nkhosa, ng'ombe, nkhumba ndi galu chili ndi nyanga ziwiri. Kunsonga kwa nyanga iliyonse kuli kanjira kopyapyala kopita ku kachiwalo konga nyemba, komwe kumachokera mazira. Kumunsi nyangazo zimakumana, kenako pali khomo lolimba ngati chichereŵechereŵe, limene limatsekeka ndi chinthu chonanda nthawi yonse ya bere. Mukanang'amba nyangazo bwino mukanaona timabatani tambirimbiri tomata m'kati. Pamenepo ndi pomwe nsengwa imagwira, ndipo mwana amalandirira chakudya pomwepo. Nkhumba ilibe timabatani timeneti, koma nyanga zake ndi zazitali, zopindikapindika ngati matumbo, n'chifukwa chake ana khumi amakwanamo.

Mapasa a mbuzi kawirikawiri amachokera ku mazira awiri osiyana, ndiye musadabwe wina akatuluka wakuda wina wamawangamawanga. Galu ndiye amaposa: akakweredwa ndi amphongo awiri pa nyengo imodzi, ana obadwa tsiku limodzi atha kukhala a abambo awiri. Akale analibe makina oonera m'mimba, koma ankatumbula ziweto ndi manja awo, ndipo ine ndikuganiza kuti zimene ankanenazi ankazidziwa ndi maso.

Nachisale wa ku Songani:
Alangizi, nanga nkhuku? Ine ndikapha thadzi ndimapeza timazira tachikasu tili mulu ngati zipatso, tina ngati mapira tina ngati nthudza, koma mphanda ya nyanga ziwiri sindinaionepo. Kwathu timazira timeneto ana sitinkawapatsa, ankadya ndi agogo okha.

Mlangizi wa ziweto:
Mayi, mwaona bwino. Nkhuku imagwiritsa ntchito mbali yakumanzere yokha, yakumanja imafota ikadali kamwanapiye m'dzira. Kachikasu kakakhwima kamagwera mu njira imodzi yaitali, m'menemo n'kuvala choyera chija, kenako chikamba. Ulendo wonse umatenga maola pafupifupi 25, n'chifukwa chake ngakhale ya Mikolongwe yodya bwino siikira kawiri pa tsiku.

Mlimi wa mkaka, Thondwe:
Ine chipala chimenechi chinandisulira chinthu chopanda ntchito. Ng'ombe yanga inaswa mapasa, yamphongo ndi yaikazi. Ndinasangalala, yamphongo n'kugulitsa, yaikazi n'kusunga. Ndaidyetsa nsenjere ndi madeya zaka zitatu, osaonetsa ngakhale tsiku limodzi kuti ikufuna nkhunzi. Anthu ayamba kale kunena kuti wina anaiponda.

Mlangizi wa ziweto:
Bambo, musavutike ndi kwa asing'anga. Mwa ng'ombe, mapasa akakhala yamphongo ndi yaikazi, mitsempha ya nsengwa zawo imalumikizana ndipo magazi amasakanikirana. Zochokera kwa yamphongo zimalepheretsa ziwalo zoberekera za yaikazi kukula, moti mwa zotere khumi, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimakhala zouma. Kunja imaoneka bwinobwino. Itanani wa zaziweto wa kwanuko aipime, akatsimikiza muinenepetse mugulitse kwa abutchala. Mwa mbuzi zimenezi sizichitikachitika.

Ndipo kwa a ku Jali: bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, la ng'ombe miyezi isanu ndi inayi, la nkhumba miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Tiana tonga mbewa ndiye kuti inali cha m'ma miyezi iwiri, pamene mimba sinayambe kuoneka. Amalume anu musawaweruze kwambiri.

Mdzukulu wa ku Jali:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndinapita kukawafunsa agogo madzulo ano ngati anangouponya mwambi uja, monga munanenera. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, ndani anakuuza kuti ndimanena mbuzi?" Kani m'mawa wa tsikulo mayi anga anawaletsa amalume, amvekere mkotawo anauona ukuthamangitsidwa ndi tonde wa kwa aneba mwezi wa Meyi, aphe ina. Amalume anakana, ati akazi sadziwa za khola. Ndiye agogo akuti, "Mayi ako ndi malume akowo anatuluka muno onse," uku akudzisisita pamimba.

Amalume auzidwa kuti abweze msoti umodzi m'khola la agogo mvula isanagwe. Mpaka pano sanayankhe.