SSMS kulibe pa Ubuntu, nanga restore ndipange bwanji?

wa_ubuntu: Akuluakulu thandizeni. Kuntchito database yathu ili pa SQL Server, abwana amagwiritsa SSMS (SQL Server Management Studio, pulogalamu yoyendetsera SQL Server) pa Windows koma ine laputopu yanga ndi ya Ubuntu, mnzanga wina ali pa MacBook, ndipo SSMS-yo imayenda pa Windows basi. Tinkadalira Azure Data Studio, pulogalamu ya SQL Server yomwe inkayendanso pa Linux ndi Mac, ndiye Microsoft anaithetsa pa 28 February 2026 akuti tizigwiritsa VS Code ndi extension ya mssql. Ma query akuyenda bhobho, koma andipatsa file ya .bak (backup ya database) kuti ndiipange restore mu Docker, momwe SQL Server yanga ikuyendera mu container, ikungokana, akuti sikupeza folder ya pa C:\

dba_wakale: Vuto si editor achimwene. Backup imasunga ma path a komwe inachokera, ndiye ikufuna kuika ma file pa C:\ pomwe Linux alibe C. Lowetsani kaye .bak mu container ndi docker cp, kenako RESTORE FILELISTONLY FROM DISK muone ma logical name, akhala awiri mwina, la data ndi la log. Mukatero RESTORE DATABASE ... WITH MOVE lililonse mulilozetse ku /var/opt/mssql/data/. Zonsezi mulemba mu VS Code momwemo.

wa_macbook: ingoikani DBeaver aise, pulogalamu yolumikizira ma database, ndi yaulere, Windows Mac Linux konse imayenda, PostgreSQL ndi MySQL zomwe mumalumikiza pamalo amodzi

wa_ubuntu: DBeaver ndili nayo koma RAM yanga ndi 8GB, Docker, VS Code ndi Chrome zadya kale, ndikatsegulanso DBeaver-yo, poti ndi ya Java, fan imayamba kulira ngati chigayo. Komanso chimene chimandinyansa ndi kudumphadumpha, code uku, table uko, pgAdmin ya PostgreSQL kwina. Bwanji zonse zisakhale mu editor momwe timaswera tsiku lonse?

dba_wakale: Pamenepo ndikugwirizana nanu pang'ono chabe. SQL Server inabwera pa Linux mu 2017 koma chida chake chachikulu choyendetsera chinatsalira pa Windows mpaka lero, zosamveka. Kuona ma table, ma user, backup, ma job, zimenezo zikhale mu editor inde. Koma production, database yeniyeni yomwe anthu akugwiritsa ntchito, ayi, ine connection yake sindiika pawindo lomwe ndikulemberapo code, tsiku lina utatopa DELETE yopanda WHERE uiponya kolakwika.

wa_ubuntu: Yatheka!! WITH MOVE yagwira, zikomo kwambiri akulu. Koma ma job a usiku aja sindikuwaona, atayika?

dba_wakale: Sanatayike, sanabwere n'komwe. Ma job a Agent (SQL Server Agent, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika) amakhala mu msdb, database ya SQL Server mwiniyo, osati mu database yanuyo. Apempheni abwana awapange script mu SSMS akutumizireni. Komanso mu Docker Agent amakhala wozimitsa, container muidzutse ndi MSSQL_AGENT_ENABLED=true, muyendetse ma script-wo, kenako EXEC msdb.dbo.sp_help_job muwaona onse.

wa_macbook: mnzanu wa MacBook uja mumuuziretu, ngati ili ya M1 kupita kutsogolo image ya SQL Server ndi ya x86, ayatse Rosetta, yoyendetsera mapulogalamu a x86 pa ma Mac amenewo, mu settings za Docker Desktop apo bi container izingofa ikangodzuka

wa_ubuntu: Ndimuuza mawa. Ma script-wo ndiwaika mu Git kuti aliyense azingokoka, tisamavutitsenso abwana.