Nkhondo ya ku Mozambique ndiiyike pati pa Cold War?

Moni nonse akuluakulu okonda mbiri yakale.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Dedza, ndipo funso la mwana wa Fomu 4 landiimitsa mutu. Ndimaphunzitsa kuti pa Cold War, mpikisano wa mayiko awiri amphamvu, America ndi Soviet Union ankalimbana kudzera m'nkhondo za mayiko ena. Ku Angola n'zosachita kufunsa: chipani cholamula cha MPLA chinali ndi asilikali a Cuba ndi zida za Soviet, pomwe gulu loukira boma la UNITA, lotsogozedwa ndi Jonas Savimbi, linkathandizidwa ndi America ndi South Africa.

Mwanayo anafunsa za ku Mozambique, komwe agogo ake anachokera pothawa nkhondo. Choko chili m'manja, ndinagwira njakata. FRELIMO, chipani cholamula, inatsamira ku Soviet, inde, koma RENAMO, yomwe inkamenyana ndi bomalo, inaleredwa ndi Rhodesia (Zimbabwe ya lero), South Africa n'kuitenga mu 1980. Boma la America silinaithandize poyera, ndipo Pulezidenti Reagan analandira Samora Machel, mtsogoleri wa FRELIMO, ku Washington mu 1985!

M'buku lathu muli kandime kamodzi kokha. Aphunzitsi anzanga nditawafunsa angogawikana pawiri. Pa intaneti aliyense akukokera kwake.

Kodi nkhondo ya 1977 mpaka 1992 ija inalidi ya Cold War, kapena boma la azungu la South Africa linkangoteteza tsankho lake? Ndikawauze chiyani ana Lolemba? Chonde ndithandizeni.