Zowonjezera pa funso la galimoto yokana kulira kukazizira

Munthu wina anafunsa za galimoto yomwe imakana kulira m'mawa nyengo yachisanu ku Britain, ndipo tinati ayambe ndi batire. Afunsanso kuti angadziwe bwanji kuti batire lafooka.

Liyezeni ndi multimeter (kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi) galimoto itagona usiku wonse. Batire labwino limaonetsa 12.6V (V ndi ma volt, muyezo wa mphamvuyo). Likatsika kufika pa 12.2V, lili ndi theka la moto, ndipo kuzizira kumalifooketsanso pomwe oyilo walimba, injini ikufuna mphamvu yochuluka. Lizani injini, muyezenso: pafunika 13.8V mpaka 14.4V. Zikachepera apa, vuto ndi alternator (chipangizo chobwezera moto m'batire injini ikamalira) kapena lamba wake, ndipo batire latsopano lidzangofanso. Maulendo afupiafupi, magetsi ndi heater zili zoyaka, salibwezera moto.

M'radiator musathire madzi okhaokha. Akaundana amafufuma n'kung'amba mapaipi, ngakhale injini imene. Sakanizani antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) ndi madzi theka ndi theka, mtundu womwe buku la galimotoyo likunena.

Matayala: lamulo la ku Britain limafuna mizere yakuya mosachepera 1.6mm, koma pachisanu musatsike pa 3mm. Galasi likaundana, palani ndi chopalira. Madzi otentha amatha kulisweka pomwepo.