Tingayeze bwanji artemether mu LA popanda HPLC (makina olekanitsa ndi kuyeza zomwe zili m'mankhwala)?

Akuluakulu a m'malabotale, ndithandizeniko nzeru. Kuno ku Mangochi tili ndi makatoni a LA, mankhwala a malungo aja osakaniza artemether ndi lumefantrine, amene anakhalitsa m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Tsiku lake lothera ntchito silinakwane, koma kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Ndikufuna kudziwa ngati artemether akadali 20 mg pa piritsi kapena wayamba kuwonongeka.

Lumefantrine sakundivuta, ndi wachikasu ndipo spectrophotometer yathu (makina oyeza mankhwala pogwiritsa ntchito kuwala) imamuona bwinobwino. Mutu ukundipweteka ndi artemether, uja amapangidwa kuchokera ku artemisinin wa m'chomera cha Artemisia annua. Ameneyu amangooneka pang'ono cha pa kuwala kwa 210 nm, pamenenso zosungunulira zimasokoneza, ndipo lumefantrine wa 120 mg amamuphimbiratu.

TLC, njira yolekanitsa mankhwala kukhala madontho pa mbale yapadera, tingathe: kunyowetsa mbale ndi sulfuric acid wa mu methanol, n'kuitenthetsa mpaka madontho aoneke, monga amachitira ndi Minilab, kabokosi ka zida zogwirira mankhwala achinyengo. Koma kufananiza madontho ndi maso kumagwira piritsi lachinyengo kapena lotsika kwambiri basi. Lotsika pang'ono limadutsa, ndipo poti awa ndi mankhwala a malungo omwe ambiri amamwa ndi ana, mtima wanga sukukhazikika.

Alipo amene anayesapo kutenthetsa artemether mu hydrochloric acid kuti ayezeke pa 254 nm? Lumefantrine munamuchotsa bwanji kaye? Nanga artemether weniweni wofananizira munamupeza kuti kuno ku Malawi?

Ngati njira ndi HPLC yokha, ndiuzeni ngati a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, amalandira sampulo yochokera ku famase wamba, komanso amafuna mapiritsi angati.