Methadone ndi mankhwala a TB akumenyana?

Make_Awiri_Pretoria: Abale, mchimwene wanga anasiya nyaope (mankhwala ozunguza bongo okhala ndi heroin), mwezi wachisanu uno akumwa methadone, mankhwala omuthandiza kusiya. Masabata awiri apitawa wayamba mankhwala a TB. Tsopano akungoyasamula, thukuta kamukamu, m'mimba kupotokola, usiku osagona, ngati masiku oyamba aja. Dzulo ndapeza mapilisi ogonetsa a diazepam m'thumba la jekete yake, akuti wamupatsa mnzake. Ndikuopa abwerera kuja.

Namwino_Wopuma: Chemwali, ameneyo ndi rifampicin wa m'mankhwala a TB, wofiiritsa mkodzo uja. Amachititsa chiwindi kuchotsa methadone msanga m'thupi. Asasiye mankhwala a TB kapena methadone. Mawa lomwe apite komwe amalandira methadone atanyamula khadi la TB, adokotala angathe kumuonjezera pang'onopang'ono. Akadzamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB ija adzawauzenso kuti atsitse, apo ayi methadone adzachuluka m'magazi.

Ndinapulumuka: Diazepam'yo mulandeni lero, asisi. Ine ndinaphatikiza methadone, mapilisi ogonetsa ndi mabotolo awiri a mowa. Mpweya unachepa, milomo kuda bii. Anandidzutsa ndi naloxone, mankhwala oletsa mphamvu ya methadone m'thupi.

Make_Awiri_Pretoria: Mayo ine! Amamwanso TLD, ma ARV aja.

Namwino_Wopuma: TLD sayambana ndi methadone, ankavuta ndi ma ARV okhala ndi efavirenz. Koma pa rifampicin amaonjezera piritsi la dolutegravir, mankhwala amodzi mwa a mu TLD, lomwa pakatha maola 12 atamwa TLD. Anamupatsa?