Mumasunga bwanji mafayilo a mapulani mu ofesi mwanu?

Wojambula wa ku Lilongwe: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Mu ofesi mwathu tilimo asanu, aliyense amasunga zojambula pa laputopu yake, kutumizirana kwake ndi pa WhatsApp kapena pa flash. Sabata yatha kontilakita anakumba maziko potsata pulani yakale, ija tisanasunthe khoma la bafa. Zandiwawa kwambiri. Anzathu mumatani?

Mayi wa ma pulani, Blantyre: Pepani achimwene. Pulojekiti iliyonse ikhale ndi nambala yake, ndipo mkatimo mukhale mafoda anayi monga mwa ISO 19650, muyezo wapadziko lonse wa kasungidwe ka mafayilo a zomangamanga: zomwe zikujambulidwa, zogawana ndi mainjiniya, zovomerezedwa, ndi zakale. Kusaiti kuzipita PDF yochokera mu zovomerezedwa basi, revision (nambala yosonyeza kusinthidwa kwa pulani) italembedwa pakona pa pepala. Dzina la fayilo liziyamba ndi deti, chaka patsogolo, ngati 2024-03-15, kuti kompyuta izisanja yokha. Za "final" ndi "final2" zija zisiyeni ndithu.

Mkulu wa ku Mzuzu: Ife tinagula NAS ya Synology (kabokosi kosungira mafayilo a ofesi yonse pa netiweki), tinaiyika pa UPS (batire yosungira magetsi) chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Makope akhale atatu, limodzi lizikhala kunja kwa ofesi, poti akuba ndi moto sasankha. Koma ngati mumagwiritsa pulogalamu yojambulira ya Revit, central model (fayilo yaikulu imene onse amagwirirapo ntchito) musaiyike pa Dropbox kapena Google Drive. Awiri akasunga nthawi imodzi, imasokonekera.

Wojambula wa ku Lilongwe: Zikomo kwambiri mayi ndi akulu. Nanga injiniya akafuna DWG, fayilo ya pulogalamu yojambulira ya AutoCAD?

Mayi wa ma pulani, Blantyre: Gwiritsani eTransmit mu AutoCAD, imamanga pamodzi ma xref (mafayilo ena olumikizidwa ku pulaniyo) ndi mafonti. Kupanda kutero, akatsegula apeza theka la nyumba palibe.